Maliro a Wapolisi Wonenepa

Kwathu ndi kufupi ndi Likhubula, m'munsi mwenimweni mwa phiri. Nditakwatiwa sindinachoke pamudzi. Amuna anga ndiwo anabwera kudzamanga kuseri kwa nyumba ya makolo anga, monga timachitira kuno. Ntchito yawo inali yonyamula katundu wa alendo okwera phiri, ndipo sabata zina ankatha masiku angapo ali kumtunda.

Bambo anga anali atapuma pa ntchito ya ulonda ku esiteti ya tiyi. Anabwerako ndi jasi lolemera ndi TV yachikale ija ya chimsana chachikulu, imene inakhala nthawi yaitali yofunditsidwa nsalu chifukwa panalibe choonera. Magetsi atafika kwathu, tsiku lina anapita ku Limbuli kukaona achibale, n'kubwerako pa kabaza atafungatira makina oonetsera zimbale. Wogulitsayo anawapatsa basela chimbale chimodzi m'kajumbo ka shuga. Pamwamba pake panalembedwa ndi cholembera chakuda mawu amodzi okha: APOLISI.

Filimu imeneyo ndi imene tinkaonera Lamlungu lililonse masana tikachoka kutchalitchi. Zimbale zina zinkabwera n'kupita, koma bambo ankati zinazo n'zaphokoso chabe.

Zithunzi zake zinali zobiriwira, ngati ukuona dziko kudzera m'botolo. Zinkapendekera mbali imodzi, nthawi zina n'kugwedera, nthawi zina n'kuda bii kenako n'kubweranso. Mawu anali osanjikizana. Pansi penipeni pankamveka Chingerezi cha apolisiwo, chakutali ngati anthu olankhula kutsidya kwa mtsinje. Pamwamba pake pankamveka chikhamu cha anthu osaoneka chikuseka. Ndiye pamwamba pa zonsezo panali mawu a mnyamata womasulira m'Chichewa, amene ankalankhula m'malo mwa aliyense, amuna ndi akazi omwe, ngakhale galu.

Malinga ndi womasulirayo, nkhani inali ya apolisi awiri, wonenepa ndi wowonda, munthu ndi mlamu wake. Ankasaka mbava zimene zinaba chikwama chakuda chodzaza ndi makuponi a feteleza. Awiriwa chilichonse chinkawalakwikira. Anamanga unyolo bwana wawo yemwe, anaomba galimoto yawo pa mpanda wa polisi, ndipo wonenepayo anakanirira pawindo la bafa la mayi wina mpaka anachita kumukoka miyendo. Tinkaseka pamodzi ndi anthu osaonekawo. Iwo akayamba, ifenso tinkadziwa kuti apa ndi poseketsa.

Panalinso munthu wina amene bambo ankamudana naye kwambiri. Pakatikati pa filimu, apolisi akuthamangitsa mbava pa galimoto, chithunzithunzi cha munthu chinkadzuka pansi pa sikirini, chakuda chopanda nkhope, n'kudutsa chowerama kupita kumanzere. Pakapita kanthawi chinkabweranso chitanyamula kanthu m'manja. Womasulira sankanenapo kanthu za iye.

"Kazitape uyo," ankatero bambo akumuloza. "Wapita kukawauza anzake njira imene apolisi adzere. Waona, wabwera ndi malipiro ake."

Ine ndinkadabwa kuti munthuyo ndi wamkulu kuposa galimoto, komanso kuti apolisiwo sakumuona pamene akudutsa pamaso pawo penipeni. Ndinafunsapo kamodzi. Bambo anati ukazitape ndi umenewo.

Chakumapeto apolisi ankathamangitsa mbava padenga la nyumba yosanja. Wonenepa uja ankalanda chikwama, n'kuterereka, n'kugwa. Apo ndiye chimbale chinkakakamira. Munthuyo ankangoti lende m'malere, kukamwa kuli yasa, chikwama chili pachifuwa, makina akulira ngati njuchi yotsekeredwa m'chitini. Bambo anayesa kuchipukuta ndi malaya, anachitsuka ndi sopo, wina anawauza za mankhwala otsukira mano ndipo anayesanso. Sizinathandize. Chikatopa kukakamira chinkadumpha n'kukagwera kumathero.

Kumatheroko apolisi ankakhala atandanda pamizere, atavala zoyera m'manja, mbendera ili m'mwamba. Lipenga linkalira monyang'ama, mawu ake akuduka n'kuyambanso. Wowonda uja ankaima kutsogolo, mapewa akugwedezeka, misozi ili mbwembwembwe. Wonenepa sankaoneka paliponse. Womasulira ankatsitsa mawu n'kunena kuti, "Mlamu wanga wapita, wandisiyira ana." Bambo ankavula chipewa.

Chimene chinkandisokoneza n'chakuti anthu osaoneka aja pamenepa ndi pamene ankaseka kwambiri, ena mpaka kuomba m'manja.

"Nanga akuseka chiyani pamaliro?" ndinafunsa tsiku lina.

"Ndi abale a mbava zija," anayankha bambo. "Ukuganiza kuti wapolisi akafa aliyense amalira?"

Sindinakhutire, koma ndinkadziwa chifukwa chake bambo ankavula chipewa. Ku esiteti kuja ankalondera limodzi ndi amalume, achimwene awo a mayi anga, munthu wathupi ndi wanthabwala amene anamwalira mwadzidzidzi bambo ali pa tchuthi kumudzi. Bambo sankawatchula kawirikawiri. Koma wonenepa uja akakanirira pawindo ankaseka mpaka kutsokomola, n'kunena m'Chilomwe kuti alamu awo ndendende. Mayi sankaonera nawo. Ankakhala pakhomo atafulatira, akusenda nandolo kapena kusankha kalongonda, ndipo tinkangoti mafilimu sawakonda.

Chimbale chachiwiri chinabwera ndi amuna anga. Panali mayi wina wachizungu, namwino, amene ankagwira ntchito ku chipatala cha Mishoni ndipo ankakonda kukwera phiri akapeza mpata. Ulendo wina, amuna anga atamunyamulira katundu, nkhungu ya chiperoni inawatsekereza m'kanyumba ka alendo kumtunda, osaona ngakhale mtengo uli pafupi. Pofuna kutayitsa nthawi, amuna anga anayamba kumufotokozera filimu ya apongozi awo, akuyerekeza ndi thupi momwe wapolisi anakanirira pawindo. Mayiyo akuti anaseka mpaka kukhala pansi. Anati filimuyo akuidziwa, ndipo ali nayo yeniyeni, yogula kwawo. Pamene ankabwerera kwawo anaitana amuna anga n'kuwapatsa filimuyo.

Amuna anga anabwera nayo ngati anyamula dzira. Mkamwini amafunafuna nthawi zonse chinthu chosangalatsa nacho apongozi, ndipo iwo anaona kuti achipeza. Inali m'kabokosi konyezimira, pachikuto pali apolisi awiri aja atatsamirana misana. Ndinayang'anitsitsa chikutocho. Yunifolomu yawo inali yabuluu. Zaka zonsezo ine ndinkadziwa kuti ndi yobiriwira.

Lamlungu lake tinakhala pansi mwachizolowezi. Amuna anga anagwada pafupi ndi mpando wa bambo n'kuwapatsa kabokosiko ndi manja awiri.

"Bambo, iyi ndi yomwe ija, koma iyi sidumpha. Lero muona zonse."

Bambo anakatembenuza uku ndi uku, n'kugwedeza mutu movomera. "Mwachita bwino apongozi. Ikani tione."

Zithunzi zitabwera ndinachita kuphethira. Zinali zowala moti ndinkaona mabatani a malaya ndi thukuta pamphumi. Kanyimbo kanayamba, galimoto ya polisi inadutsa, wonenepa anagwetsa chipewa, pambali pali mizere ya mawu a Chingerezi. Kenako kanyimbo kanayambiranso, galimoto inadutsanso, chipewa chinagwanso. Tinadikira. Chipewa chinagwa kachitatu, kachinayi, mpaka tinasiya kuwerenga.

"Nayonso yakakamira," anatero bambo.

"Ayi bambo, ikufuna tisankhe."

"Tisankhe chiyani? Filimu si imodzi?"

Vuto linali rimoti. Zolemba za pamabatani zinafufutika kalekale, ndipo ife tinkangodziwa batani loyatsira ndi lokwezera mawu, chifukwa chimbale chakale chinkayamba chokha. Amuna anga anadina apa, anadina apo. Panabwera tizithunzi tambirimbiri m'timabokosi. Anadinanso, panabwera mayina a zilankhulo. Thukuta linayamba kuwatuluka ngati ali pa chikweza ndi katundu. Mwamwayi chabe filimu inayamba.

Koma pamwamba ndi pansi pa sikirini panali mizere yakuda yokhuthala, ndipo anthu anali ang'onoang'ono pakati.

"Aidula," anatero bambo. "Kumutu aidula, kumiyendo aidula."

Amuna anga anati sanaidule, ndi mmene imakhalira. Ine ndinkaona kuti mbali zonse ziwiri kwawonjezeka zinthu zimene sindinazionepo, mitengo, sitolo, mayi wina akukankha mwana pa kangolo. Ndiye kaya aidula kaya aiwonjezera, mutu wanga sunathe kugwira.

Tisanazolowere zimenezo, amuna awiri anayamba kulankhula Chingerezi pamwamba pa filimu. Sanali apolisi a pa sikirini, chifukwa milomo ya apolisiwo inkanena zina. Awa ankacheza mofatsa ngati anthu akumwa tiyi, nthawi zina n'kuseka pamalo poti palibe choseketsa.

"Ndiye omasulira akwawo amenewa?" ndinafunsa.

Amuna anga Chingerezi amachimva ndithu, chifukwa cha alendo. Anatchera khutu. "Sakumasulira. Akuti tsiku limeneli kunagwa mvula yambiri."

Tinayang'ana pa sikirini. Dzuwa linali phwee.

"Akutinso galimotoyi inali yobwereka, ndipo mwini wake anakwiya."

"Apolisi amabwereka galimoto?" anafunsa bambo. "Akunenawo ndani?"

"Akuti mmodzi ndi amene anakonza filimuyi. Winayo..." Anamvetseranso, kenako anandiyang'ana ine m'malo moyang'ana bambo. "Winayo akuti ndi wonenepayo."

"Wonenepa uti?"

"Yemweyo, bambo. Akuti pawindo paja anakaniriradi zenizeni, ndipo nthiti zinamupweteka sabata yonse."

 Bambo anafunsa mofatsa kwambiri, ngati akufunsa mwana: "Apongozi, munthu woti tinamuika m'manda akufotokoza za nthiti zake ali kuti?"

 Amuna anga anayambanso kulimbana ndi rimoti. Amuna awiri aja anasowa, koma apolisi anayamba kulankhula chilankhulo cha m'mphuno chimene palibe anachizindikira. Anadinanso, chinabwera Chipwitikizi. Bambo anaweramira kutsogolo, poti kumalire kuno Chipwitikizi anachitolako pang'ono, koma anati awa akuthamanga nacho kwambiri. Anadinanso, chinabwera Chingerezi chokhachokha, choyera, chopanda wina pamwamba. Tinagwirizana kuti rimoti iikidwe pansi, asaikhudzenso munthu.

Apa ndi pamene ndinasokonezeka kwenikweni. Anthu oseka aja kunalibe. Wapolisi anamanga unyolo bwana wake, m'nyumba muli zii. Galimoto inaomba mpanda, zii. Ndinkadziwa kuti apa timaseka, ndinkatsegula pakamwa, koma kuseka wekha pamaso pa bambo ako ali duu n'kovuta. Wonenepa atakanirira pawindo ndinaona nkhope yake bwinobwino koyamba, itafiira, mitsempha itatuluka m'khosi, ndipo ndinamumvera chisoni m'malo moseka.

Amuna anga ankayesa kumasulira apa ndi apo, koma chilichonse chimene ankanena chinkawonjezera mavuto. Anati awiriwa si pachilamu, angokumana kumene sabata yomweyo ndipo sakondana. Anati za feteleza sizikutchulidwa n'komwe.

"Nanga m'chikwamamo muli chiyani?" ndinafunsa.

"Sakunena. Akungoti katundu wa bwana."

Pothamangitsana pa galimoto paja bambo anakonzeka, chala chili m'mwamba kudikira kazitape wawo. Galimoto zinathamanga, zinakhota, zinawoloka mlatho. Palibe anadzuka pansi pa sikirini.

"Amuchotsa," anatero bambo, chala chikadali m'mwamba. "Ndinadziwa kuti ameneyu ali ndi akuluakulu kumbuyo kwake."

Amuna anga anandiuza pambuyo pake, tili kwathu, zimene namwino uja anawafotokozera. Akuti chimbale chathu chakale munthu anachijambula mobisa ndi kamera m'nyumba yoonetsera mafilimu kunja, ndiye oseka aja anali anthu oonera, ndipo kazitape anali munthu wamba wopita kukagula chakudya. Koma pa tsikulo sanayerekeze kunena zimenezo kwa apongozi awo. Kunena zoona, ngakhale ine atandiuza zinanditengera nthawi. Sindinalowepo m'nyumba yotero, ndipo ndinkalephera kumvetsa kuti anthu amene tinkaseka nawo limodzi Lamlungu lililonse sanali m'filimu, komanso sanali m'nyumba mwathu.

Tinafika padenga paja. Wonenepa analanda chikwama, anaterereka, ndipo thupi langa linakonzekera kulira kwa makina kuja. Koma munthuyo anangopitirira kugwa. Anagwera m'lole yodzaza makabichi imene inkadutsa pansi, anadzuka tsamba lili pamutu, n'kuyamba kukalipira dalaivala. Bambo anatulutsa mawu amodzi a Chilomwe amene sindingawalembe pano.

Zotsatira zake zinali zatsopano kwa tonsefe, chigawo chachitali ndithu chimene chimbale chakale chinkatibisira. Mbava zinagwidwa mwangozi, zitatsekeredwa m'chimbudzi cha pamalo omwetsera mafuta. Chikwama chinatsegulidwa pamaso pa bwana. Munali lipenga.

Kenako mathero aja anafika monga tinkawadziwira: mizere ya apolisi, zoyera m'manja, mbendera, wowonda kutsogolo mapewa akugwedezeka. Bambo anali atagwira kale chipewa kuti avule. Koma chakumanja kwenikweni kwa sikirini, mbali imene kamera ya wojambula mobisa uja sinkafikako, kunaima wonenepa, wamoyo, mendulo ili pachifuwa, masaya atafufuma, akuliza lipenga moipa kwambiri. Wowonda uja sankalira maliro. Ankadziletsa kuseka mpaka misozi.

Mayina anayamba kukwera pa sikirini. Amuna anga anazimitsa makina mwakachetechete.

"Zikomo apongozi," anatero bambo. "Yowala bwino." Anadzuka n'kupita kudimba, ngakhale linali Lamlungu.

Sabata imeneyo amuna anga sanagone bwino. Ankandifunsa ngati alakwitsa. Munthu amene bambo ankamulira wapezeka kuti ali moyo, ndiye timayenera kusangalala. Koma pamudzi panali ngati pachitika zovuta. Bambo ankayankha moni bwinobwino, ankadya, koma za filimu sanatchule. Ine ndemwe ndikamachapa kumtsinje ndinkapezeka ndikuganiza za womasulira uja. Kodi ankadziwa kuti akunama? Mwina nayenso ankangoona zobiriwira zomwezo, wonenepa osamuona, n'kuganiza ngati ife kuti lipenga lotere ndi la maliro. Nanga za chilamu ndi makuponi anazitenga kuti? Ndipo ngati zonsezo zinali zopeka, n'chifukwa chiyani nkhani yake inkamveka bwino kuposa yeniyeniyi, imene anthu akuluakulu akuthamangitsana tauni yonse chifukwa cha lipenga?

Lamlungu lotsatira bambo anatiitana. Anati tiike chimbale chatsopanocho. Amuna anga anali ataphunzira mabatani mkati mwa sabata, ndipo anachiyambitsa mosavuta. Bambo anati atsitse mawu onse. Kenako anayamba kumasulira okha, Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe, mawu onenepa kwa wonenepa, mawu oonda kwa wowonda. Chilamu chinabwerera. Makuponi anabwerera, ndipo chikwama chitatsegulidwa anati mbava zagulitsa kale makuponi n'kugula lipenga. Za lole ya makabichi anati munthuyo anadzukadi, koma anavulala m'kati, anakamwalira kuchipatala. Pamathero anatiuza kuti woliza lipengayo ndi mng'ono wake wa malemu, wochokera ku Mozambique, amene wabwera kumaliro.

"Afanana kwambiri," anatero. "Banja limenelo onse ndi athupi."

Amuna anga anavomera ndi mutu. Ine ndinayang'ana mendulo ija n'kuyamba kukayikanso zimene ndinaona sabata yatha.

Apo mayi analankhula ali pakhomo, osatembenuka n'komwe.

"Bambo, achimwene anga analibe mng'ono ku Mozambique."

Tonse tinatembenuka. Sitinkadziwa kuti zaka zonsezi ankamvetsera.

"Komanso sanali onenepa choncho. Ndipo sanali opusa. Munthu anaphunzitsa ana ake onse, inu mukumufanizira ndi chitsiru chokanirira pawindo la bafa la mkazi wa mwini." Anaika lichero pansi, analowa, n'kukhala pamphasa pafupi ndi ine. "Apongozi, bwezani pa lipengapo. Mukweze mawu, ndimve ndekha."

Amuna anga anayang'ana bambo. Bambo anayang'ana kudenga. Ndiye amuna anga anabweza.

Lipenga litayamba, mayi anayang'anitsitsa nkhope ili gwa. Wonenepa anakoka mpweya, masaya anafufuma, mawu anatuluka ngati mbuzi yokanirira mumpanda. Mayi anayamba ndi kamwetulira, kenako anagwira pakamwa ndi nsalu, kenako zinawakanika. Anaseka mpaka kugona chammbali pamphasa, akumenya pansi ndi dzanja. Anati abwezenso. Ulendo wachitatu anali akulira zenizeni, ndipo sindinadziwe pamene kuseka kunathera. Anati achimwene awo ali mnyamata anabwereka lipenga la gulu la kutchalitchi n'kuliza kuseri kwa nyumba mpaka agogo anawathamangitsa ndi mtengo, nkhani imene ngakhale bambo sankaidziwa.

"Ndiye mukuvomera kuti afanana," anatero bambo.

"Sindinatero," anayankha mayi akupukuta m'maso.

Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, za kunenepa kwa amalume, za chaka chimene anayamba ntchito, za amene anawaphunzitsa kupalasa njinga. Ine ndi amuna anga tinatuluka mwakachetechete osatsanzika. M'mawa mwake amuna anga anali ndi alendo okwera phiri, ndipo nsapato zawo zinali zisanaume, ndiye ndinakaziika pafupi ndi moto.